Mwayamba maphunziro a yunivesite pa intaneti? Konzani izi asayimenti yoyamba isanakwane

Semesita iliyonse ikamayamba, foni yanga imadzaza ndi mafunso amodzimodzi kuchokera kwa anthu amene angolowa kumene maphunziro a pa intaneti. Ambiri ndi aphunzitsi a ku pulayimale ndi ku sekondale, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi, anthu amene amagwira buku usiku akaweruka. Ena ali pa ODL ya Mzuni, LUANAR kapena Domasi, maphunziro aja amene munthu umakhala kwanu kapena kuntchito n'kumapita ku sukulu mwa apo ndi apo. Ena akuchita ndi UNISA ya ku South Africa kapena mayunivesite a ku Britain. Poyamba amafunsa za laputopu yabwino kugula. Pakapita milungu ingapo amaimba mtima uli m'mwamba: "Ndinatumiza ntchito koma akuti sinafike, nditani?"

Ndalemba zonse pano kuti aliyense wofunsa ndizimulozera malo amodzi. Ndikhalitsa pa kutumiza ntchito ndi pa mayeso a nthawi yowerengedwa, chifukwa m'pamene ndaona anthu akhama, odziwa bwino phunziro lawo, akutaya malikisi popanda chifukwa chenicheni.

1. Musanalipire, onani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka

Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE) ndi limene limalembetsa masukulu a ukachenjede kuno ku Malawi ndi kuvomereza maphunziro ake, ndipo limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezekawo. Onani dzina la sukulu komanso dzina la digiri yeniyeniyo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene phunziro lina mkati mwake silinavomerezedwe. Ngati sukuluyo ndi yakunja, funsani ku NCHE komweko musanatulutse ndalama. Fizi lipirani ku akaunti imene yalembedwa pa kalata yanu yochokera ku sukulu, osati ku nambala ya foni ya munthu amene mwakumana naye pa Facebook.

2. Zipangizo

Foni ya Android yokhala ndi 4G ndi yokwanira kuwerengera manotsi, kumvetsera kalasi ndi kutsatira zidziwitso. Koma kulemba masamba khumi pa foni, okhala ndi matebulo ndi mndandanda wa mabuku, n'chizunzo. Ngati mungathe, pezani laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Pogula musatengeke ndi kuwala kwake. Izuleni pa magetsi pamaso pa wogulitsayo, muione kuti ikukhala nthawi yotalika bwanji isanazime. Kwathu kuno batire ndi limene limaweruza ngati mulemba usiku umenewo kapena ayi.

Khalani ndi ma SIM awiri, wa Airtel ndi wa TNM, ndiponso power bank ya foni yokhala yodzaza nthawi zonse. Ndiye yendani pakhomo panu ndi kuntchito foni ili m'manja, mudziwe malo enieni amene netiweki imagwira bwino: pakhonde, pawindo la kuchipinda, kuseri kwa ofesi ya ahedi, kapena pa trading centre. Malo amenewa muwadziwe lero, osati tsiku la mayeso.

3. Dziwani khomo lenileni la kalasi yanu

Masukulu ambiri amagwiritsa ntchito Moodle, pulogalamu imene inayambitsidwa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo inatuluka mu 2002. Sukulu iliyonse imaipatsa dzina ndi mtundu wake, ena amangoti portal kapena e-learning, koma mkati mwake mabatani ndi omwewo. Aphunzitsi ena amakonda Google Classroom. Kumeneko n'kumene kuli manotsi, masiku otsekera ntchito ndi malikisi anu.

Tsiku loyamba lowani, sinthani pasiwedi, muilembe m'kope limene limakhala kunyumba. Werengani ngati maphunziro onse amene munalembetsa akuoneka. Ngati limodzi likusowa, dziwitsani ofesi sabata yomweyo, chifukwa anzanu akhala akulandira ntchito inu osadziwa. Ngati sukulu yakupatsani imelo yake, iikeni pa foni pambali pa Gmail yanu, poti zidziwitso zambiri zimapita kumeneko. Pasiwedi musapatse mnyamata wa pa internet cafe kapena mnzanu wa m'kalasi kuti "azikuthandizani". Chilichonse chochitika pa akaunti yanu chimawerengedwa kuti mwachita ndinu.

Gulu la WhatsApp la kalasi ndi lothandiza, ndipo class rep wabwino ndi dalitso. Koma uthenga wakuti "akuti asuntha tsiku" musaukhulupirire mpaka mutauona pa Moodle kapena pa imelo yochokera kwa mphunzitsi mwini wake.

4. Tetezani bandulo

Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook sitsegula Moodle ngakhalenso Zoom. Mufunika bandulo ya intaneti yonse. Kuti ikhalitse, tsekani zibowo zitatu zimene zimaidya inu osadziwa.

Choyamba, pa WhatsApp zimitsani kutsitsa zithunzi ndi makanema pa okha. Chachiwiri, pa Play Store letsani mapulogalamu kudzikonzanso okha. Chachitatu ndiye chimene chimaliza anthu: mukalumikiza laputopu ya Windows ku hotspot ya foni, imayamba kutsitsa ma update ake mwakachetechete, ndipo bandulo ya sabata ikhoza kutha musanatsegule n'komwe tsamba la sukulu. Pitani pa Settings, kenako Network & Internet, sankhani Wi-Fi ya foni yanuyo, muyatse pamene palembedwa "Metered connection". Mukatero Windows imadziwa kuti intaneti imeneyi ndi yogula moyeza, ndipo imachepetsa dyera lake.

Mukapeza Wi-Fi yaulere kuntchito kapena ku sukulu pa nthawi ya maphunziro a maso ndi maso, kapena mukagula bandulo ya usiku, tsitsiranitu zonse za semesita. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imatha kusunga manotsi kuti muziwerenga popanda intaneti. Makanema a pa YouTube oonera pa foni atsitseni pa 360p, zolemba za pa bolodi zimaonekabe.

5. Kalasi ya pa Zoom kapena Google Meet

Ola limodzi la Zoom makamera onse atayaka likhoza kudya theka la GB kapena kupitirira apo. Mawu okha amadya ma MB makumi atatu kapena anayi pa ola. Choncho zimitsani kamera yanu pokhapokha mphunzitsi atapempha, ndipo ngati sakuonetsa chilichonse pa sikirini, letsaninso makanema a anthu ena. Pa Zoom pali "Stop incoming video", pa Google Meet ya pa kompyuta mumasankha "Audio only".

Lembani dzina lanu lenileni ndi nambala yanu ya sukulu musanalowe. Ndimaona mndandanda wa opezeka m'kalasi uli ndi mayina monga "TECNO SPARK" ndi "itel", ndipo mphunzitsi akamalemba amene abwera, anthu amenewa amawerengedwa kuti anajomba. Maikolofoni ikhale yotseka mpaka nthawi yanu yolankhula, kuti kalasi yonse isamve tambala ndi chigayo cha pafupi. Ngati kalasi yaduka mwadzidzidzi patatha mphindi 40, si netiweki yanu ayi: ndi malire a Zoom yaulere. Lowaninso pa linki yomweyo kapena dikirani ina pa gulu.

6. Kufufuza, kulemba ndi kusunga

Yambirani pa Google Scholar, tsamba la Google lofufuzira zolemba za kafukufuku, osati Google wamba. Funsaninso ku laibulale ya sukulu yanu momwe mungalowere m'magazini a kafukufuku amene masukulu a kuno amapeza kudzera ku MALICO (mgwirizano wa malaibulale a ku Malawi) ndi Research4Life (ndondomeko yothandiza mayiko osauka kupeza magaziniwa). Ophunzira ambiri a ODL amamaliza digiri osadziwa kuti mwayi umenewu ndi wawonso. Mabuku aulere a masamu, sayansi ndi zachuma alipo pa OpenStax.

Za ChatGPT ndi anzake, tsatirani lamulo la phunziro lanu, chifukwa aphunzitsi amasiyana. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti imatha kupeka mayina a mabuku ndi olemba amene kulibe, ndipo imawalemba mooneka ngati enieni. Buku kapena nkhani imene simunaitsegule ndi maso anu musaiike pa mndandanda wa zimene mwawerenga.

Ntchito yanu ikhale malo awiri. Google Drive imapereka malo aulere okwana 15 GB, ogawana ndi Gmail ndi Google Photos. Tsiku lililonse mukamaliza kulemba, kwezani fayiloyo kumeneko kapena dzitumizireni pa imelo. Fulashi imene imayenda m'malo osindikizira mapepala imabwerako ndi mavairasi, isakhale nkhokwe yanu yokhayo.

7. Kutumiza ntchito

Apa m'pamene malangizo ambiri amangoti "kenako tumizani", ngati kuti ndi batani limodzi. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Tsiku limene mwapatsidwa ntchito, tsegulani tsamba lake muone zinthu zinayi: tsiku ndi ola lotsekera, mtundu wa fayilo imene akufuna, kukula kwa fayilo kololedwa, ndi chiwerengero cha mafayilo. Pa Moodle pakhoza kukhala masiku awiri. "Due date" ikadutsa, nthawi zina mumathabe kutumiza koma zimalembedwa kuti mwachedwa. "Cut-off date" ikadutsa, batani lotumizira limasoweratu.

Samalani ndi ola. 12:00 AM Lachisanu ndi pakati pa usiku wa Lachinayi kuchera Lachisanu, osati masana ndipo osati usiku wa Lachisanu. Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi, choncho a UNISA palibe chovuta. A mayunivesite a ku Britain, dziwani kuti kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi ife timakhala patsogolo ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi.

Fayilo ipatseni dzina loti munthu wosakudziwani aizindikire: nambala yanu ya sukulu, khodi ya phunziro, ndi nambala ya asayimenti. Mphunzitsi amene walandira mafayilo makumi asanu onse otchedwa "Document1" satha kudziwa wanu ndi uti. Ngati sananene kuti akufuna Word, sandutsani kukhala PDF, chifukwa zolemba za pa WPS ya pa foni zimasokonekera zikatsegulidwa pa kompyuta ina. Mukasandutsa, itseguleni PDF-yo muione tsamba ndi tsamba.

Ntchito yolemba pamanja, monga masamu, musaijambule zithunzi wamba. Chithunzi chimodzi cha foni chimatha kukula ma MB atatu kapena asanu, ndipo masamba khumi adutsa malire. Gwiritsani ntchito "Scan" ya mu Google Drive kapena Adobe Scan. Yalani pepala pamalo osalala pafupi ndi windo masana, foni ikhale pamwamba molunjika kuti mthunzi wa dzanja usagwere pa zolemba, sankhani zakuda ndi zoyera, masamba onse alowe mu PDF imodzi motsatana.

Tsopano kutumiza kwenikweni. Pa Moodle mumadina "Add submission", mumasankha fayilo, mumadikira mpaka dzina lake lioneke m'bokosi, kenako "Save changes". Anthu ambiri amatseka laputopu pamenepa n'kukagona. Musachoke. Yang'anani mzere wolembedwa "Submission status". Ngati pakuti "Draft (not submitted)", ntchito yanu sinaperekedwe, yangosungidwa. Pansi pake pali batani lina, "Submit assignment". Lidineni, chongani kabokosi kovomereza kuti ntchitoyo ndi yanu ngati kalipo, kenako "Continue". Mwamaliza pokhapokha pakalembedwa "Submitted for grading". Aphunzitsi ena sayatsa batani lachiwirili, ndipo kwa iwo "Save changes" ndi yokwanira. N'chifukwa chake munthu amazolowera pa phunziro limodzi n'kukagwa pa lina. Pa Google Classroom vuto ndi lomweli: kuika fayilo sikukwanira mpaka mutadina "Turn in".

Ndikudziwa mphunzitsi wina wa ku sekondale amene analemba ntchito yabwino kwambiri n'kuikweza kutatsala masiku awiri. Malikisi atatuluka anapeza ziro. Titatsegula limodzi tsambalo pa foni yake, fayilo inalipo, tsiku loikweza linalipo, koma pamwamba pake panali mawu aja akuti draft. Zinamutengera makalata ndi milungu kuti ntchitoyo iwerengedwe.

Mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, simuchoka pa ejenti uthenga wotsimikiza usanalowe. Chitaninso chimodzimodzi apa. Jambulani sikirini yoonetsa "Submitted for grading", dzina la fayilo, tsiku ndi ola. Kenako dinani fayiloyo pa tsamba lomwelo, itsike, muitsegule, mutsimikize kuti ndi yomaliza ija osati ya dzana. Ngati mwatumizira pa pulogalamu ya Moodle ya pa foni netiweki ili yofooka, ntchito ikhoza kukhala ikudikirira m'foni momwemo. Tsegulani tsamba la sukulu pa Chrome mukaone ngati yafikadi.

Ngati ntchito ikudutsa pa Turnitin, pulogalamu yoyerekeza ntchito yanu ndi zolemba za ena, nambala imene imatuluka ikusonyeza kuchuluka kwa mawu ofanana ndi zolemba zina, kuphatikizapo mafunso amene munakopera ndi mndandanda wa mabuku. Si chigamulo chakuti mwaba. Tsegulani lipotilo muone pamene pafanana. Koma chenjerani ndi anthu amene amati "ndikuchekereni kaye pa akaunti yanga". Ntchito yanu ikhoza kusungidwa m'nkhokwe ya Turnitin, ndipo tsiku lotumiza ku sukulu idzafanana ndi iyo yomwe pafupifupi yonse, inu n'kuoneka wakuba ntchito yanu yomwe.

Pomaliza pa gawo ili: dziikireni tsiku lanulanu lotsekera, tsiku limodzi lenilenilo lisanafike. Ola lomaliza kalasi yonse imakhamukira pa seva imodzi (kompyuta yaikulu imene imasunga tsamba la sukulu), tsamba limayenda mokwawa, ndipo magetsi sasankha tsiku lozima.

8. Mayeso a nthawi yowerengedwa

Chinthu chimodzi chimene aliyense ayenera kumvetsa: wotchi ya quiz (mayeso a pa Moodle) imayendera pa seva ya sukulu, osati pa foni kapena laputopu yanu. Mukadina "Attempt quiz" n'kuvomereza kuyamba, nthawi yayamba, ndipo siima ngakhale netiweki ithawe kapena laputopu izime. Choncho musadine kuti "ndingoona kaye mafunso".

Musanayambe, laputopu ndi foni zikhale zodzaza, bandulo ikhale pa ma SIM onse awiri, mukhale pa malo aja munapeza pa gawo 2, ndipo a pakhomo adziwe kuti ola limeneli simukupezeka. Ngati hotspot ikuchokera pa foni, dziwani kuti wina akakuimbirani intaneti imatha kuduka pa mafoni ena. Onaninso nthawi imene mayesowo akutsekedwa. Ngati quiz ndi ya ola limodzi ndipo ikutsekedwa 5 koloko, mukayamba 4:40 muli ndi mphindi 20 zokha.

Mayankho amasungidwa motsimikizika mukadina "Next page", choncho musagwiritse ntchito batani lobwerera m'mbuyo la Chrome. Yendani ndi manambala a mafunso amene ali pambali. Mayeso ena salola kubwerera ku funso limene mwadutsa, werengani malangizo musanayambe. Yankho lalitali likopereni mu Word kapena Notepad pamene mukulemba, ngati malamulo a mayesowo akulola, kuti tsamba likafa musayambirenso.

Netiweki ikaduka, musataye mphindi kuimbira class rep. Jambulani sikirini kapena ijambuleni ndi foni ina, ola likuoneka, sinthirani ku SIM inayo, lowaninso, ndipo mupeza batani loti mupitirize pamene munasiyira ngati nthawi ikadalipo. Mukamaliza dinani "Finish attempt", kenako "Submit all and finish", ndipo mudzafunsidwanso kuti mutsimikize. Pa mayeso ambiri nthawi ikatha Moodle imatumiza yokha zimene zinasungidwa, koma si aphunzitsi onse amene amakonza choncho. Tumizani nokha kutatsala mphindi zisanu.

9. Zikavuta, lembani tsiku lomwelo

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anthu akuluakulu, makamaka amene kuntchito kwawo ndi mabwana, amachita manyazi kunena kuti batani lawasokoneza, amakhala chete mpaka semesita itatha. Mphunzitsi amatha kutsegulanso ntchito, kuonjezera nthawi kwa munthu mmodzi, kapena kubweza draft, koma amachita zimenezi mosavuta vuto likadali latsopano.

Lembani imelo, osati voice note ya usiku. Gwiritsani ntchito imelo ya sukulu ngati muli nayo. Pa mutu ikani khodi ya phunziro ndi nambala yanu. Mkati yambani mwaulemu ndi udindo ndi dzina la mphunzitsiyo, nenani chimene chachitika ndi ola lake m'mizere itatu kapena inayi, phatikizani chithunzi cha sikirini, ndipo ngati ndi asayimenti, ikaninso fayilo yeniyeniyo kuti aone kuti inali itatha nthawi isanakwane. Nenani momveka chimene mukupempha. Ngati vuto ndi lolephera kulowa pa tsamba, tumizaninso ku ofesi ya ICT kapena ya ODL, chifukwa mapasiwedi sakhala m'manja mwa mphunzitsi.

Zithunzi zonse zotsimikizira kuti munatumiza, pamodzi ndi maimelo amenewa ndi malisiti a fizi, zisungeni mu foda imodzi pa Google Drive, phunziro lililonse pa lokha. Musafufute kanthu mpaka zotsatira za semesitayo zitatuluka ndipo mwaona malikisi a phunziro lililonse pa dzina lanu.